Galimoto inapita makiyi onse ali m'nyumba

Galimoto yomwe ndinali nayo inali ya zija zosafuna kuti ulowetse kiyi pena paliponse. Limoti ikakhala m'thumba umangogwira chogwirira cha chitseko n'kutseguka, ukakhala pampando umaponda buleki, kudina batani, injini n'kulira. Masiku oyamba ndinkaona ngati ndi zamatama chabe, koma ndinadzazolowera mpaka ndikabwereka galimoto ya mnzanga chala chinkapita chokha pomwe palibe batani. Tsiku limene wanyamula mwana dzanja lina, katundu dzanja linalo, mvula ikukutsanulira pamutu, m'pamene umayamikira amene anaganiza zimenezi. Choncho musayembekezere kuti ndinyoza magalimoto a mtunduwu. Ngakhale yomwe ndikuyendera lero ndi yoteroyo.

Pogula anandipatsa malimoti awiri. Wogulitsayo anandionetsa kakiyi kachitsulo kobisika m'kati mwa limoti, kotsegulira chitseko batire likatha, n'kundionetsanso kuti zikatero ukhoza kuliza injini pogunditsa limotiyo pa batani. Za komwe limoti iyenera kugona usiku sitinakambirane, ndipo funsolo silinabwere n'komwe m'mutu mwanga. Kiyi ukalowa naye m'nyumba n'kukhoma chitseko, ndiye kuti wamusunga bwino. Tonse tinakula tikudziwa zimenezo.

Galimotoyo inkagona pabwalo, mamita ochepa kuchokera pa khomo lakumaso, ndipo msewu uli pafupi. Kuseri kwa chitseko kunali kashelefu, pamwamba pake pali kambale kagalasi komwe aliyense akalowa ankaponyamo makiyi. Limoti yanga inkagona m'menemo. Ya sipeya inali mu dirowa pabalaza, kukhoma lomwelo loyang'ana pabwalo.

M'mawa wa tsikulo ndinatuluka limoti ili m'manja, chikwama paphewa, maganizo ali kuntchito. Pabwalo panali mbee. Ndinaima kaye n'kumayang'ana uku ndi uku ngati kuti galimoto ingasunthe yokha. Pansi panalibe ngakhale kachidutswa ka galasi losweka, panalibenso mkwekwe wa matayala okokedwa. Ndinabwerera m'nyumba.

"Kodi amayi, galimoto mwaisuntha ndinu?"

"Ine? Limoti si muli nayo inuyo m'manjamo?"

Anathamangira ku dirowa. Ya sipeya inalimo, ili m'kapulasitiki kake komwe inabweramo. Tinangoyang'anana kukamwa kuli yasa. Ndinatulukanso n'kumayenda mumsewu ndikudina batani la limoti, khutu lili tcheru kuti mwina ndiimva ikulira penapake. Kunali zii. Usiku wonsewo panalibe amene anamva kanthu, ndipo alamu ya galimotoyo sinalire.

Kupolisi anandilandira bwino, koma nkhani inayamba kulemera titafika pa makiyi.

"Makiyi ake ali kuti?"

"Onse awiri ndili nawo, bwana. Awa."

Wapolisiyo anawayang'ana, n'kundiyang'ananso ineyo. "Nanga yayenda bwanji? Ndani wina amene anagwirapo makiyi amenewa?"

Anandiuza kuti nditchule onse: okonza galimoto, otsuka, achibale obwereka, aliyense. Anafunanso nambala ya chasisi, ija ya zilembo ndi manambala 17, ndipo zikalata zina zomwe inalembedwapo zinali m'galimoto momwemo. Tinaipeza pa mapepala a inshulansi titasanthula nyumba yonse. Ngati muli ndi galimoto, jambulani lero nambala imeneyi, nambala ya puleti ndi galimotoyo mbali zonse, zithunzizo zikhale mufoni. Pa tsiku ngati limeneli mutu umakhala utaima, sungakumbukire ngakhale nambala yomwe umaiona tsiku ndi tsiku.

Masiku otsatirawo anali owawa kuposa m'mawa uja. Poti makiyi onse analipo, ndinkangoganiza kuti alipo wina anadulitsa kiyi wachitatu. Usiku ndinkagona chagada ndikuwerenga anthu m'mutu: mnyamata wotsuka galimoto amene ndinkamusiyira limoti, makaniko wanga wa zaka zambiri, ngakhale mng'ono wanga weniweni yemwe anaibwereka kumapeto kwa sabata ina. Ndinamufunsa pafoni mafunso amene anamva yekha komwe akulowera. Anangoti, "Achimwene, mukuganiza kuti ndine?" Foni inakhala chete kanthawi. Galimoto imagulidwanso, koma mawu amenewo anatenga miyezi kuti azizire pakati pathu, chonsecho onse amene ndinkawaganizirawo analibe mlandu.

Chimene chinatsegula maso athu ndi kamera ya aneba a tsidya lina la msewu. Anali atachokapo, ndipo atabwera n'kumva za tsoka lathu anatiitana kuti tidzaone ngati inajambulako kanthu. Tinachita mwayi, chifukwa makamera ambiri amafufuta zakale akadzaza, ena pakangopita masiku ochepa. Zoterezi zikakugwerani, gogodani m'makomo mwa aneba tsiku lomwelo, ndipo amene kulibe muwaimbire.

Vidiyoyo ndinaionera mobwereza mpaka ndinailoweza. Nthawi ili cha m'ma 3 koloko mbandakucha. Pakufika anthu awiri wapansi, nkhope atazibisa. Wina akuima pa chitseko cha dalaivala atagwira kanthu kangati kawailesi. Winayo ali ndi chikwama chakumsana koma wachivalira pamimba, ndipo m'manja wagwira chinthu chaphanthiphanthi chokhala ngati buku lalikulu. Akufika pa khomo lathu, akuchikweza m'mwamba, akuchiyendetsa pang'onopang'ono motsata chitseko, kenako motsata khoma. Sakugwira loko, sakusuzumira pazenera. Mwadzidzidzi maindiketa a galimoto akuphethira, magalasi a m'mbali akutambasuka okha monga ankachitira ndikafika ineyo. Wa pachitseko uja akulowa. Wa pakhomayo akukwezanso chinthu chake kachiwiri, nyali zakumbuyo zikuyaka, galimoto ikubwerera chambuyo mwaulemu. Sipanathe mphindi ziwiri. Nthawi yonseyo ife tinali m'tulo tofa nato, khoma limodzi lokha pakati pathu ndi munthuyo.

Ndinapita ndi vidiyoyo kwa katswiri wina wa zamagetsi a galimoto. Sanaionere mpaka kumapeto.

"Bwana, kiyi wanu sanamube awa. Anangobwereka mawu ake."

Anandifotokozera motere. Ukagwira chogwirira cha chitseko, galimoto imatumiza siginolo yofooka, pa magalimoto ambiri ya pafupifupi 125 kHz, yomwe imangofika mita imodzi kapena awiri. Kufookako n'kwadala. Limoti ikaimva imayankha pa siginolo ina yamphamvu, ya 315 MHz kapena 433 MHz malinga ndi msika womwe galimotoyo anaipangira, ndipo iyi imafika patali ndithu. Galimoto yamtundu wa yanga ija siyeza kuti limoti ili pamtunda wotani. Imangoti, popeza yamva kunong'ona kwanga n'kuyankha molondola, ndiye kuti ili pompano. Akubawo ali ndi zipangizo ziwiri: china chimatola kunong'ona kwa galimoto, chinacho chimakakubwereza pakhoma la nyumba. Limoti ili m'kambale imamva, imayankha, galimoto n'kutsegula. Zili ngati mlonda wosaona amene amatsegula geti akamva mawu a bwana wake, ndiye akuba angomuimbira bwanayo foni n'kuika pa sipika. Palibe nambala yachinsinsi imene amaiswa, chifukwa woyankhayo ndi limoti yeniyeni. N'chifukwa chake alamu sinalire. Amachita kawiri, koyamba kutsegula chitseko, kachiwiri kuliza injini, ndipo ndi zomwe tinaona munthu uja akukweza chinthu chake kawiri.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji galimotoyo sinazime itatalikirana ndi limoti. Anati opanga anachita dala, chifukwa injini yozima yokha uli pa liwiro pamsewu waukulu, mwina poti batire la limoti latha, ikhoza kupha anthu. Imangolemba pa dashibodi kuti kiyi sakupezeka, koma imayendabe mpaka wina ataizimitsa. Akafika nayo kobisika amalumikiza kompyuta pa soketi ya OBD, ija ya pansi pa chiwongolero yomwe amakaniko amayezera matenda a galimoto, n'kuiphunzitsa limoti yatsopano. Apo ayi amaiphwasula n'kugulitsa zipangizo.

Nditawerenga zambiri pambuyo pake, mkwiyo wanga unachoka pa anthu unali n'kupita pa kusauzidwa. Njira imeneyi, yomwe amaitcha relay attack, si yachilendo. Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anaiyesa pa magalimoto 10 a makampani 8, ndipo onse anatseguka n'kulira. Mu 2016 bungwe la oyendetsa galimoto la ku Germany, ADAC, linayesa magalimoto 24 a makampani 19 ndi zipangizo zodzipangira, zotsatira zake n'kukhala zomwezo. Mu November 2017 apolisi a West Midlands ku England anatulutsa vidiyo ya kuba kotereku komwe kunachitika ku Solihull, ndipo nditaiona thupi linachita tsembwe, chifukwa inali ngati ya pakhomo pathu: anthu awiri, wina pakhoma, wina pa galimoto, pafupifupi mphindi imodzi basi. Zaka zonsezi nkhaniyi inkadziwika, koma pa tsiku logula panalibe amene ananena ngakhale mawu amodzi okhudza kambale ka kuseri kwa chitseko.

Za inshulansi ndinene mosabisa, chifukwa ambiri timaganiza kuti ukalipira ndiye kuti zonse zidzayenda myaa. Anaitanitsa malimoti onse awiri n'kuwatumiza kokawayeza, popeza ena amasunga m'kati mwake zinthu monga nthawi yomwe anagwiritsidwa ntchito komaliza. Kunabwera wofufuza amene anafunsa mafunso omwe aja a kupolisi, kuwonjezerapo za ngongole zanga, ndipo unkachita kuona kuti akufuna atsimikize kuti sindinaibise ndekha. Vidiyo ya aneba ndi imene inafupikitsa nkhani. Ngakhale zinali choncho panali nthawi yodikira kuti mwina galimotoyo ipezeka, kenako kudikira lipoti la apolisi, kenako kukangana za mtengo. Zonse pamodzi zinatenga miyezi. Ndalama yomwe inatuluka inali ya mtengo wa galimotoyo pamsika pa tsiku lobedwa, umene unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi womwe ndinagulira, n'kuchotsaponso gawo lija mwini amadzilipirira yekha. Miyezi yonseyo ngongole ya galimoto inkadulidwabe pa malipiro anga, ndikulipiranso mayendedwe a ine ndi ana, poti pangano langa linalibe galimoto yobwereka yodikirira. Mpando wa mwana ndi zina zomwe zinali m'katimo anangobweza pang'ono. Chaka chotsatira ndalama yolipira inshulansi inakwera. Galimotoyo sinapezeke mpaka lero.

Pogula ina ndinkafuna ya kiyi wolowetsa, koma zonse zomwe zinkakwanira banja lathu zinali za batani. Ndiye nkhani inasanduka yoti limoti tiziisunga bwanji.

Usiku woyamba ndinaikulunga mu foyilo ya aluminiyamu. Imagwira ntchito ukakulunga kangapo osasiya mpata, koma imang'ambika m'makona, ndipo kukulunga ndi kumasula m'mawa ndi madzulo palibe amene angakwanitse kwa mwezi. Anzanga ena ankati ndiziika mufiriji, ena mu microwave. Firiji ili ndi chinyezi ndi kuzizira komwe sikugwirizana ndi batire, komanso m'mphepete mwa chitseko chake ndi mwa labala, choncho palibe chitsimikizo choti itchinga. Microwave anaipanga kuti izitchinga mafunde ake omwe a 2.45 GHz, ndipo tsiku lina wina adzaiyatsa m'mawa ali ndi tulo limoti ili m'katimo. Zimenezo tinazikana.

Kenako tinayesa zitini zachitsulo zokhala ndi chivindikiro, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chofunika kuposa zonse: chilichonse chomwe mwasankha, chiyeseni pa galimoto yeniyeniyo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani limoti m'chinthucho, tsekani monga mmene muzitsekera masiku onse, pitani nacho pa galimoto yokhoma n'kugwira chogwirira cha chitseko. Ikatseguka, chinthucho n'chachabe. Ikapanda kutseguka, tulutsani limoti, tsegulani, lowani, ibwezereni m'chinthucho, tsekani n'kudina batani loliza injini. Gawo lachiwirili musalidumphe. Chitini china chinapambana pachitseko koma m'kati injini inalira, chifukwa chivindikiro chake chinali cholobodoka ndipo m'mphepete munali penti yoletsa chitsulo kukhudzana ndi chitsulo chinzake. China chooneka chonyozeka, cha chivindikiro chothina, chinapambana zonse ziwiri. Poyesapo onetsetsani kuti limoti inayo ili kutali, apo ayi galimoto izimva iyoyo inu n'kumataya chitini chabwino. Ena amayesa poikamo foni n'kuiimbira, koma foni imayendera mafunde ena, choncho kusalira kwake sikukuuzani za limoti.

Pambuyo pake tinagula tizikwama tija amati Faraday pouch, dzina lochokera kwa Michael Faraday, wasayansi wa ku England amene mu 1836 anaonetsa kuti chipinda chokutidwa ndi chitsulo chimatchinga magetsi a kunja. M'kati mwa kachikwamako muli nsalu yolukidwa ndi timaulusi tachitsulo. Tinayesa, tinapambana, mtima unakhala pansi. Koma tizikwama timeneti tili ndi misampha iwiri. Woyamba, tambiri tili ndi matumba awiri, ndipo lotchinga ndi limodzi lokha, linalo ndi wamba. Thumba wambalo ndi lomwe limakhala losavuta kulowetsamo dzanja. Madzulo ena ndikudutsa pafupi ndi galimoto nditanyamula kachikwama ka amayi a kunyumba, ndinagwira chitseko mongoseweretsa, ndipo chinangoti kwatsu. Limoti yawo inali m'thumba lolakwikalo, ndipo sitikudziwa kuti inagonamo mausiku angati. Tinalisoka thumba limenelo kuti lisadzapusitsenso munthu.

Msampha wachiwiri ndi kutha. Patapita miyezi, kachikwama kanga kanalephera mayeso. Kunja kankaoneka katsopano. Nditakatembenuza n'kuunika ndi tochi ya foni, ndinaona kuti popindira chivindikiro nsalu yonyezimira ija yasanduka yotuwa, ndipo pansi pakona pali kamzere kothetheka komwe nsonga ya kiyi wa nyumba inkakanda nthawi zonse ndikamakakamiza mpukutu wonse wa makiyi kulowa. Kabowoko nkosakwana n'chala chomwe, koma kanali kokwanira. Kuyambira pamenepo m'kachikwama mumalowa limoti yokha, makiyi a nyumba amalendewera kunja.

Vuto lalikulu silinali zipangizo koma ife eni. Apolisi ndi a inshulansi amalangiza kuti limoti izikhala kutali ndi zitseko ndi mazenera, ndipo n'zoona kuti kutalikira kumathandiza. Ndiye tinagwirizana zoti malimoti azigona kuchipinda. Zinayenda masabata oyamba mantha akadali aawisi. Mantha atayamba kuzilala, munthu wafika wotopa, manja adzaza, mwana akulira, limoti inayambanso kupezeka pa kashelefu kaja, mwina ili m'kachikwama kosatseka bwino, mwina ili m'thumba la jekete yokolekedwa kuseri kwa chitseko. Tinakanganapo kangapo. Ndinadzaona kuti njira iliyonse yofuna kuti munthu wotopa ayende nyumba yonse ndi yogwa kale, ngakhale itakhala yotetezeka chotani. Panalinso maganizo ena amene anandisowetsa mtendere: wakuba wothyola nyumba kufuna makiyi, ndibwino awapeze asanafike komwe kwagona ana.

Chomwe chakhazikika kwathu ndi bokosi lotchinga siginolo, lija lokhala ndi nsalu yachitsulo m'kati. Tinasankha lalikulu loti mpukutu wonse wa makiyi umalowa osakakamiza, la chivindikiro chotseguka ndi dzanja limodzi n'kudzitsekera chokha ndi maginito. Tinaliika m'kanjira ka pakati pa nyumba, pomwe aliyense wolowa amadutsa asanakhale pansi, kutali ndi khoma lakunja, posaoneka kuchokera pazenera. Kambale kagalasi kaja tinakachotseratu, ndi kashelefu komwe, kuti dzanja lisapeze poponya. Ichi ndi chimene chinathetsa mkangano, kuposa malangizo onse amene tinkapatsana. Tinapewanso kuliika pamodzi ndi matchaja a mafoni ndi TV, chifukwa buku la galimoto limachenjeza kuti limoti ikamakhala pafupi ndi zamagetsi zotere batire lake limatha msanga.

Limoti ya sipeya ndi imene anthu ambiri amaiiwala. Mukhoza kusamala yanu bwinobwino, koma ya mu dirowa ikuyankhabe aliyense woiitana. Poti siigwira ntchito kawirikawiri, ife tinangoichotsa batire. Limoti yopanda batire siyankha kutali. Batire lake, lomwe pa malimoti ambiri ndi CR2032, lili mu envelopu pamodzi ndi limotiyo pamalo okhoma. Pamenepa samalani ngati muli ndi ana aang'ono: timabatire tozungulira timeneti mwana akameza timaotcha kummero m'maola ochepa, ndipo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Buku la galimoto ndinaliwerenga koyamba m'moyo wanga, ndipo muli zinthu zomwe zikanandipulumutsa kwaulere. Malimoti ena amazimitsika. Pa magalimoto ambiri a Toyota, ukadina batani lokhoma osalisiya n'kudina lotsegula kawiri, kanyali kamaphethira kanayi ndipo limoti imasiya kumvera mpaka utadinanso batani lililonse. Magalimoto ena amalola kuzimitsa kutseguka kongogwira chitseko kudzera pa sikirini ya m'kati, n'kutsala ndi kudina batani la limoti ngati kale. Makampani ena anaika m'malimoti kachipangizo komva kugwedezeka. Ford, mwachitsanzo, inayamba mu 2019 kupereka malimoti amene amagona akakhala masekondi 40 osasunthidwa. Magalimoto ena atsopano ali ndi UWB, njira yomwe imayeza nthawi imene siginolo yatenga popita ndi pobwera, choncho galimoto imadziwadi kutalika kwa limoti ndipo kubwereka mawu kuja kumavuta kwambiri. Pogula galimoto funsani kuti limoti yake ili ndi ziti mwa zimenezi. Yogona yokha mukhoza kuiyesa: isiyeni pamwala pafupi ndi galimoto kwa mphindi zingapo, kenako gwirani chitseko osaikhudza. Kumbukiraninso kuti limoti yotere imagona ili patebulo basi. Ili m'thumba mwanu mukuyenda m'sitolo, galimoto ili panja, imakhala maso, ndipo munthu wa chikwama akhoza kungoyenda pambuyo panu. N'chifukwa chake kachikwama kotchinga ndimayenda nakobe, makamaka kogona alendo komwe galimoto imaima pansi pa zenera la chipinda.

Katswiri uja anandichenjeza kuti ndisaike mtima wonse pa bokosi, ndipo ananena zoona. Pali kuba kwina kosafuna limoti n'komwe. Mu 2023 akatswiri awiri a ku Britain, Ian Tabor ndi Ken Tindell, anafotokoza mmene Toyota RAV4 ya Tabor inabedwera ku London: akuba anakanula bampala, anafika pa mawaya a nyali yakutsogolo, n'kulumikizapo kachipangizo kotumiza uthenga wabodza m'mawaya a galimoto woti kiyi wavomerezedwa. Mukadzapeza bampala yakanuka pakona kapena nyali yasokonezedwa popanda ngozi, musati ndi ana osewera. Palinso ena amene amatchinga siginolo pa nthawi yomwe mukukhoma, inu n'kuchoka mukuganiza kuti yakhomeka. Pa galimoto ya mtunduwu kukoka chitseko cha dalaivala pofuna kutsimikiza n'kosathandiza, poti chitseguka ndithu chifukwa limoti muli nayo. Yang'anani maindiketa ndi magalasi opindika, kapena kokani chitseko chakumbuyo ngati chogwirira chake chilibe sensa, kachipangizo komva kuti dzanja lagwira. Ndipo ngati mwagula galimoto yakale n'kupatsidwa limoti imodzi, pitani nayo kwa odziwa akafufute m'kompyuta yake malimoti onse omwe mulibe, chifukwa inayo ili kwinakwake ndipo ikugwirabe ntchito.

Pa zifukwa zimenezi ndinawonjezera loko wa chiwongolero, chitsulo chowala chooneka munthu ali kunja. N'chotopetsa kumanga ndi kumasula, ndipo wakuba wokonzeka akhoza kuchidula, koma kudula kumafuna nthawi ndi phokoso, zinthu ziwiri zomwe anthu a mu vidiyo ija analibe nazo ntchito. Ndinaikanso kachivindikiro kokhoma pa soketi ya OBD ndi tracker yobisika, kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili. Tracker siletsa kuba ndipo akuba ena amaitchinga, koma ikanakhalapo pa galimoto yoyamba ija apolisi akanakhala ndi poyambira. Zonsezi pamodzi, bokosi, tizikwama, loko ndi tracker, sizinafike pa gawo lija ndinadzilipirira ndekha ku inshulansi.

Mayeso aja timawachita nthawi iliyonse ndikamayeza mpweya wa matayala, kuti ndisadalire kukumbukira. Ndimanyamula bokosi lonse ndi tizikwama tonse kupita nazo pa galimoto, chimodzichimodzi, pachitseko ndi pa batani. Bokosi silinalepherepo, mwina poti silipindidwa kapena kukhalidwa. Tizikwama timatha, ndipo kakangolephera kamodzi timakataya, chifukwa kumata ndi tepi sikubwezeretsa nsalu yachitsuloyo. Alendo ogona kwathu nawonso malimoti awo amalowa m'bokosi lomwelo, popeza galimoto zawo zimaima pamalo omwe aja, pafupi ndi khoma la chipinda cha alendo. Mng'ono wanga atabwera ulendo wapitawu anati alibe nazo ntchito poti ali ndi kachikwama kake komwe wakhala nako chaka chathunthu. Tinapita nako pa galimoto yake kali kotseka, anagwira chitseko, chinatseguka.